Mkono wanga ndinakabayitsa kumalayini

Pilirani ndi Chifuniro, tsiku lija munkafunafuna setifiketi ya ubatizo m'sutikesi yanga munapezamo kalata yondichenjeza ya kuntchito, ndipo ndinaona mmene munayang'anirana. Munaibweza mwakachetechete ngati mwagwira njoka. Musachite nayo manyazi, mwini wakene sindichita nayo manyazi. Popeza bondo landikhazika pansi ndipo ntchito ndapuma, ndati ndilembe ndekha mmene kalatayo inandipezera, musadzamve kwa anthu a pamsika wa Chinakanaka amene amathira mchere wambiri pankhani.

1995

Ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ndinaiyamba ndili ndi zaka 19. Kusekondale anali atandichotsa ndili Fomu 3 chifukwa cha mbuzi ya a hedi, imene ndinaiveka tayi ya pulifekiti n'kuitsekera m'sitafurumu Loweruka masana. Pofika Lolemba inali itadya mapepala onse a mayeso a Jogalafe. Anandiuza kuti ndikapepesa pa asembule andikhululukira. Ndinaimadi pa asembulepo, ndinatsegula pakamwa, koma nditaona nkhope ya a hedi ili ndwii, chimene chinatuluka chinali phwete. Setifiketi ya JC ndinali nayo kale, ndipo masiku amenewo inkakwanira.

Atatiphunzitsa masabata angapo, ananditumiza ku kachipatala ka kufupi ndi Thuchila. Bwana wanga anali a Makwinja, bambo wamfupi wosakonda kuseka, amene ankayenda panjinga ya boma ine ndikutsatira wapansi, bokosi la katemera pamutu, sikelo m'manja. Ankati wophunzira ntchito azimva kulemera kwake. Tsiku lina tikupita kumudzi wa kumtunda ndinawaikira njerwa ziwiri pansi pa chikwama chawo cha mabuku. Anakankha njinga chitunda chonse thukuta lili kamukamu, akudandaula kuti ukalamba wawapeza msanga. Titafika anatsegula chikwama pamaso pa azimayi onse, anatulutsa njerwazo n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, “Nangondo, pobwerera usenze zimenezi, chimbudzi cha kuchipatala chikufuna njerwa.” Ndinazisenza ndithu, ndikuseka njira yonse.

Koma munthu ameneyo ndiye anandiphunzitsa ntchito. Tsiku langa loyamba kubaya mwana, ndinatembenukira kumtengo kuti ndipope mankhwala azimayi asakundiona. A Makwinja anandigwira phewa n'kunditembenuza ngati chitseko. “Iwe, ukubisa chiyani? Kabotolo uzitsegula azimayi akuona. Uwaonetse chotsekera chisanathyoke, uwaonetse singano ikuchoka mowiritsira. Mayi akaona msana wako, mwezi wamawa sabwera, ndipo akaletsanso anzake.” Zaka zonse zimene ndagwira ntchito sindinatembenukenso.

2006 mpaka 2010

Mu 2006 anandisamutsira kuchipatala china chaching'ono cha kumsewu wa kumalire, choyandikana ndi esiteti ya tiyi. Dzina lake sinditchula, mukulidziwa, n'kumene munakulira. Dera langa linali malayini, nyumba za kampani zija zondandana mizeremizere, ndi midzi iwiri ya kuseri kwake. Kamodzi pamwezi tinkachita sikelo pansi pa mtengo wa mbawa, pafupi ndi shedi yoyezera tiyi. Azimayi ankabwera atavala mapulasitiki awo otcholera, ena dengu lidakali kumsana, mwana ali pachifuwa, akundifulumizitsa kuti kapitawo asawadule tsiku. Zosowa sizinkatha. Gasi wa firiji akatha ndinkalongedza katemera yense m'mabokosi n'kupalasa njinga kukasungitsa kuchipatala china, chiperoni chikundimenya kumaso. Thonje likatha tinkang'amba limodzi kugawira ana atatu. Chaka china tinakhala miyezi iwiri tikulemba mayina a ana m'makope a sukulu chifukwa mabuku sanabwere.

Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi Sisitala Namaona, namwino wamkulu wa pachipatalapo. Anandiposa ndi zaka khumi, ndipo ndinkawatchula achemwali. Iwe Chifuniro, matenda ako atandiyamba mwadzidzidzi, galimoto yopita ku Mishoni itasowa, amene anakulandira ndi iwowo. Lachisanu lililonse ankabwera ndi nyemba za kalongonda m'kontena, tinkadyera kuseri kwa wodi ya amayi tikujeda madokotala. Zibwana zanga ankazidziwa. Tsiku lina ndinawaikira nyalugwe wa pulasitiki wa mwana wina m'kabati ya mankhwala, anakuwa mpaka odwala anathawa pabenchi, kenako anandithamangitsa ndi tsache kuzungulira chipatala kawiri.

Mu 2008 mwana wina anapalapata ndikumubaya, singano inatuluka m'ntchafu mwake n'kundilowa pachala chachikulu. Achemwali ananditsuka, ananditengera kukayezetsa, n'kundiyambitsa mapilitsi oteteza ku kachilombo aja a mwezi wathunthu amene amakusandutsa nyumba kukhala bwato. Nditafunsa za katemera wa matenda a chiwindi, amene ankati ogwira ntchito m'chipatala ayenera kulandira, anandiyankha kuti pepala likutero ndithu, koma katemerayo palibe. Patapita nthawi anabwera, tinalandira woyamba, wachiwiri mpaka lero ndikumudikira. Ndinazolowera kuti ife obaya anthu timakhala kumapeto kwa mzere.

Ndiye kunabwera chikuku cha mu 2010. Sindilemba zambiri. Kumalayini ana amagona mothithikana, khoma limodzi mabanja awiri, ndipo nthendayo inkayenda khomo ndi khomo ngati munthu wogulitsa mandasi. Ndinapita kumaliro a ana amene ndinkawadziwa kulemera kwawo pamtima. Ambiri anali oti anaphonya sikelo. Kuchokera pamenepo, mayi akajomba mwezi umodzi ndinkamulondola kumunda wa tiyi, kapitawo akalipe asakalipe.

Malichi 2021

Nthawi ya kolona bwana wa chipatala chathu anali a Chikopa, dokotala wachinyamata wofatsa, woti ndikanatha kumubereka kumbuyo. Anatisonkhanitsa tonse pakhonde, timasiki tili pakamwa, n'kuwerenga kalata. “Boma lati katemera wa kolona ayambire ife a zaumoyo, kenako apolisi, aphunzitsi ndi okalamba. Sakukakamiza munthu. Koma mayina a amene abayitsa ndi amene sanabayitse ndikatumiza kuboma. Chinanso, kabotolo kamodzi ndi ka anthu khumi, ndipo kakatsegulidwa kathe pasanadutse maola asanu ndi limodzi, apo ayi n'kotaya. Tatilandira tiwiri tokha.” Ine mumtima ndinavina. Kwa nthawi yoyamba tinali kutsogolo kwa mzere. Koma anzanga ambiri anangoyang'ana pansi, chifukwa mafoni anali atadzaza kale: akuti wobayitsa sadzaberekanso, akuti afa pakatha zaka ziwiri, akuti ndi chizindikiro cha chilombo.

Tsiku lobaya, a Chikopa anapeza anthu khumi olimba mtima. Mwaulemu wawo anaganiza kuti azimayi asavule malaya pagulu, ndipo wina akakomoka asachite manyazi, choncho anakonza m'chipinda cha kulera, anatseka chitseko, anakokanso katani. Panja pabenchi panali odwala odzaza, maso ali tong'o, akuona anthu khumi akulowa mmodzimmodzi n'kumatuluka atagwira thonje paphewa. Ndinayang'ana katani uja. Ndinadziwa chimene chinenedwe pamsika dzuwa lisanalowe. A Chikopa atandiitana kuti, “Mayi Nangondo, tiyeni, inu ndiye muyambe,” ndinayankha kuti, “Ine lero ayi.” Malo anga anatenga munthu wina. Ndinaganiza zosunga mkono wanga kuti ndikaubayitse poyera, kumalayini. Koma sindinafotokoze. Matenda anga ndi omwewo kuyambira kusukulu, ndimakonda chinthu chiziphulika anthu asakuyembekezera. Apa ndiye ndinalakwitsa, ndipo n'kokhako kumene ndikuvomera.

Pamsika panamveka nkhani ziwiri m'malo mwa imodzi. Yoyamba, a chipatala adzitsekera n'kubayana madzi. Yachiwiri, Nangondo, amene amasunga kiyi wa firiji ndipo akudziwa zili m'mabotolomo, wakana. Tsiku la sikelo litafika ndinamangirira sikelo yanga kunthambi ya mbawa, ndinayala tebulo, ndinadikira mpaka ayisi anasungunuka m'bokosi. Azimayi amene anabwera anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, nawonso anati tingoyeza, tisabaye.

Madzulo ake ndinapita kukhomo kwa amake Joyisi, mayi wotchola tiyi wa pakamwa lalikulu amene akanena chinthu layini yonse imatsatira. Joyisi wake anali atakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, nthawi ya katemera wa chikuku. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde.

“Moseliwa, amake Joyisi,” ndinawalonjera m'Chilomwe.

“Dzuwa lapendeka ili mukuti moseliwa? Nenani chimene mwabwerera, adokotala.”

“Joyisi sindinamuone kusikelo.”

“Simumuonanso. Tamva kuti wa kolona uja mukumusakaniza ndi wa ana.”

“Wa ana ndi yemwe uja wa kale, amene analandira achimwene ake onse atatu m'manja mwangamu.”

“Nanga inu wanuyo munakaniranji?” Anandiloza ndi mpeni. “Anzanu anabayana madzi kuchipinda, inu mwini firiji munathawa ndi madzi omwe. Ife ndife osaphunzira, koma maso tili nawo. Mkono wanu mukuusunga, ndiye ntchafu ya mwana wanga ndiyo yotchipa?”

Ndinayang'ana Joyisi akukwawa pamkeka, kuseri kwa khoma kukumveka chifuwa cha mwana wa aneba, ndipo 2010 inandibwerera yonse.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Chikopa kukapempha kabotolo kotsalako kuti ife amene sitinabayitse tikabayitse pansi pa mbawa. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anapukusa mutu. “Mayi, kalata ikuti pachipatala. Kwina anzathu athamangitsidwa ndi miyala chifukwa cha katemera yemweyu. Wina akakomoka kumeneko, anthu aja akukhadzulani. Komanso mukatsegula anthu khumi osakwana, ndikayankha ndine. Ayi.” Sankanama mnyamata uja, mfundo zake zinali zoona zonse. Otsala tinalipo asanu ndi atatu: ine, alangizi anzanga atatu, azimayi awiri osesa m'chipatala, mlonda wathu a Wisikesi, ndi achemwali anga Sisitala Namaona. Achemwali anali atandiuza kale pa kalongonda kuti bambo akunyumba, amene anali mkulu wa mpingo wina wolalikira zotsutsa katemerayu, anawalumbirira kuti akabayitsa asalowenso m'nyumba. “Nango, iwe undipatse nthawi,” anatero. “Ndikufuna, koma ndipatse nthawi.” Ndinamva. Koma ana a kumalayini analibe nthawi imeneyo.

Epulo 2021

Ndinaganiza sabata yathunthu. Ndinadziwa kuti ndikhoza kuchotsedwa ntchito nditatsala pang'ono kupuma, ndinadziwanso amene ndimupweteke. Ndinasankha Lachinayi limene a Chikopa ankapita kumsonkhano kuboma. Anthu asanu ndi awiri aja ndinawapeza mmodzimmodzi, n'kumanong'oneza aliyense payekha kuti Lachinayi kumalayini kukubwera alendo a bungwe kudzagawa malenikoti ndi magambuti kwa ogwira ntchito, koma katundu ndi wochepa, aliyense abwere yekha adzayeze saizi, ndipo asauze mnzake. Wogwira ntchito m'chipatala cha kumudzi ungamuitanire pemphero osabwera, koma lenikoti, nyengo ya mvula, amafika iwe usanafike. Achemwali ndinawauza kuti anamwino alandira nsapato zoyera. Lachitatu madzulo ndinazungulira malayini onse panjinga ndikuliza belu, ndikukuwa kuti, “Mawa 9 koloko pa mbawa! Bwerani mudzaone Nangondo akufa!”

Anabwera. Sindinaonepo gulu lotero pa sikelo. Ana anawasiya kunyumba, koma eni ake anadzaza mpaka kushedi, azibambo omwe, kapitawo yemwe. Anzanga asanu ndi awiri anafika aliyense njira yake, n'kumadabwa kupezana. A Wisikesi anali atabwera ndi thumba lonyamulira katundu. Ankayang'ana kumsewu kudikira galimoto ya alendo. Ine ndinaika bokosi patebulo, ndinakwera pabenchi.

“Anzanga a kuchipatala, malenikoti kulibe. Ndinanama ndine. Amene akufuna kundimenya adikire kaye ndimalize.” Gulu linaphulika kuseka. “Inu a kumalayini mukuti tinabayana madzi kuchipinda, mukutinso ine ndinathawa. Katemera wa kolona uja ndi uyu. Amake Joyisi, bwerani kuno, mumugwire nokha.”

Amake Joyisi anabwera akupukuta manja pachitenje. Anakatembenuza kabotoloko, anakayang'anitsa padzuwa, anaitana mphunzitsi wa pasukulu ya esiteti kuti awerenge zolembedwazo mokweza. Ndinawauza kuti athyole okha chotsekera. Asanathyole, achemwali anandigwira dzanja, mawu ali pansipansi.

“Nango, ukudziwa chimene ukuchita? Kakatseguka aka sikabwerera. A Chikopa akudziwa?”

“Sakudziwa, achemwali.”

“Ndipo ine wandiitanira chiyani pamaso pa anthu onsewa? Sindinakuuze za kunyumba kwanga?”

“Munandiuza. Ndikufuna yunifomu yoyerayo aione ikundibaya. Zinazo mwini wake ndinu.”

“Wandinamiza ngati mwana.”

Chotsekera chinalira kuti thwa m'manja mwa amake Joyisi. Inali 9 koloko. Achemwali anandiyang'ana maso ali psuu, anavala magolovesi, anatulutsa jakisoni m'pepala lake, anapopa anthu onse akuona. Ndinapinda dzanja la yunifomu mpaka paphewa n'kukhala pampando. Ana anga, ndabayidwapo kambiri, koma tsiku limenelo anandibaya ngati ng'ombe ya kudibi. Ndinkafuna kukuwa. M'malo mwake ndinamwetulira gulu lonse, mano onse panja.

Anthu ankadikira kuti ndigwe. Ndikuuzeni zoona, mdyerekezi wa kusukulu uja anandinong'oneza kuti ndidzigwetse pansi n'kutambalala kuti ndione mmene athawire. Pa moyo wanga wonse palibe chibwana chimene chinandivuta kuchisiya ngati chimenecho. Ndinagwira mpando ndi manja awiri mpaka chilakolakocho chinadutsa.

“Mwatsala anthu asanu ndi anayi m'kabotolomu,” ndinatero. “Pofika 3 koloko n'kotaya. Sindikakamiza munthu.”

Mlangizi mnzanga mmodzi ananditukwana bwinobwino, anakwera njinga yake n'kumapita. Mayi mmodzi wosesa anamutsatira. Ndiye amake Joyisi anatembenukira otsalawo, manja m'chiuno. “Nanga inu? Mumabwera m'makomo mwathu kutiuza za zimbudzi ndi katemera, lero mwaima ngati mitengo ya bulugama?” A Wisikesi anaponya thumba lawo pansi. “Ine ndasiya ganyu kumunda chifukwa cha gambuti. Ndibwerere chimanjamanja? Bayani, bola ndikanene kunyumba kuti ndalandirako kanthu.” Anavula shati yonse, ngakhale tinawauza kuti phewa lokha likwana, n'kutseka maso akuitana mayi awo m'Chilomwe. Gulu linagwa nako kuseka, ndipo kusekako kunathyola mantha. Alangizi awiri anabayitsa, akundiyang'ana ngati andidye. Mayi wosesa wotsalayo anabayitsa akupemphera. Tinakwana asanu.

Kenako panaima. Dzuwa linakwera, anthu ambiri anabwerera kumunda, ine ndikusintha ayisi, ndikuyang'ana wotchi. Otchola tiyi achinyamata sanali m'gulu loyamba la boma, ndipo sindikanawabaya ngakhale akanafuna. Cha m'ma 12 koloko ndinapita kusukulu, aphunzitsi awiri anavomera, mmodzi wake yemwe anawerenga kabotolo uja. Cha m'ma 2 koloko kunabwera kapitawo wina wopuma, wa imvi mutu wonse, atagwirana ndi akazi ake, akuti mwana wawo wa ku Joni anawaimbira kuti akangomva katemera asazengereze. Asanu ndi anayi. Nthawi yonseyi achemwali anali patebulo, akubaya, akulemba makhadi, osandilankhula. Itatsala pang'ono 3 koloko ndinanyamula kabotolo.

“Achemwali, watsala wa munthu mmodzi.”

Anatseka cholembera, anachiika m'thumba. “Tayani, mayi Nangondo.”

Zaka khumi ndi zisanu ankanditchula kuti iwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mayi Nangondo, ndipo kalongonda wa Lachisanu anatha. Ndinamva kwa anthu ena kuti patapita miyezi anakabayitsa mwakachetechete kuchipatala cha kutali, koma iwo sanandiuzepo. Tikakumana pamaliro timapatsana moni waulemu. Chimenechi chimandiwawa kuposa bondo. Mukandifunsa ngati ndikanachitanso, yankho ndi lakuti inde, ndikanachitanso, ndipo chikanandiwawanso chimodzimodzi.

A Chikopa atabwerako kuboma anakhala pampando n'kugwira mutu ndi manja awiri. “Mayi, mwandipha.” Ndinawauza kuti alembe zonse mmene zinalili, dzina langa lokha, asawonjezerepo wina. Analemba milandu itatu: kutulutsa katemera popanda chilolezo, kunamiza ogwira ntchito, ndi kutaya mlingo wa munthu mmodzi nthawi ya kusowa. Kuboma anandiitana, anandikalipira anthu anayi mosinthana, n'kundipatsa kalata munaiona ija. Ntchito sanandichotse. Patangopita miyezi yochepa boma lomwelo linayamba kutituma ndi katemera yemweyo m'misika ndi m'matchalitchi, koma kalata yanga palibe anabwera kudzaitenga.

Meyi 2021

Musaganize kuti kumalayini anakhutira tsiku lomwelo. Anati tidikire, poizoni wa azungu sachita phuma. Ndiye ndinadziwa kuti ntchito yanga tsopano ndi kuoneka. M'mawa uliwonse otchola tiyi akamatuluka, ndinkadutsa malayini onse panjinga ndikuliza belu. Tsiku lachiwiri thupi linatentha, mutu ukugunda, mkono uli ngati wapachikidwa mwala. Bambo anu anabisa njinga kwa aneba kuti ndigone. Ndinaipeza kuseri kwa khola la nkhuku, ndinamwa mapilitsi awiri, ndinadzola mafuta kumaso kuti ndiwale, n'kupalasa. Pa layini yachitatu maso anachita mdima, ndinatsika n'kumanamizira kukonza tcheni mpaka dziko linasiya kuzungulira. Mayi wina anafunsa ali pakhomo, “Adokotala, muli bwino?” Ndinati, “Thupi latentha pang'ono, amatero katemera, ngati mmene amachitira ana. Mawa mundionanso.” Ndipo anandionadi, mawa lake ndi mkuja wake, masabata anayi osaphonya, Lamulungu lomwe. Ana a kumalayini anayamba kundithamangira akukuwa kuti, “Sanafe! Sanafe!”

Tsiku la sikelo ndinafika molawirira, ndinamangirira sikelo kunthambi, ndinayala tebulo. 8 koloko inakwana, palibe munthu. 9 koloko, palibe. Kutsogolo kwanga kunali tiyi yekhayekha wobiriwira mpaka kuphiri. Ndinakhala pabenchi ndikuganiza kuti ndataya achemwali anga pachabe.

Kenako ndinaona amake Joyisi akutuluka kuseri kwa shedi, okha, mwana kumbuyo. Anafika osapereka moni. Ananditsina paphewa pomwe achemwali anandibaya paja. Ananditsegula chikope ndi chala.

“Tulutsani lilime.”

Ndinatulutsa.

“Imani mudumphe.”

Ndinadumpha, bondo likulira.

Anandizungulira kamodzi ngati akugula mbuzi, kenako anatembenukira kumunda, anaika manja kukamwa. “Tulukani inu! Ndi wamoyo!”

Ana anga, tiyi uja anayamba kubala anthu. Mitu inadzuka pakati pa mizere, uku ndi uku, azimayi amene anakhala chinjutire m'menemo kuyambira m'mawa, ana ali kumbuyo, mabuku a sikelo atakulunga m'mapulasitiki. Anabwera n'kundandana mpaka mzere unakhota pashedi. Amake Joyisi anamasula mwana, anakhala pabenchi n'kumuvula.

Ndinamubaya Joyisi wa chikuku, miyezi iwiri mochedwa. Analira mokweza ngati mayi ake, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma chotero. Amake akumubereka anandiyang'ana cham'mbali.

“Koma mukafa mwezi wamawa, adokotala, ndikulondolani kumanda konko mudzandiyankhe.”

“Mudzabwere ndi buku la mwana,” ndinatero ndikupopera wotsatira. “Watsala wa chikuku wachiwiri.”